Makwerero a bulugamu, a aluminiyamu kapena a fibreglass: tikwere ati pomanga?

Amisiri anzanga, pamalo ambiri pamene tikumanga, kaya ku Area 25, ku Chileka kapena ku Luwinga, makwerero omwe timadalira ndi okhoma tokha: mitengo iwiri ya bulugamu, timatabwa topingasa ndi misomali. Ndi otchipa, utali umasankha wekha, ndipo akuba sawasirira. Ine sindiwanyoza. Chomwe chimandiopsa ndi kakhomedwe kake.

Ambiri timangosanjika kathabwa pamwamba pa mtengo n'kumenya msomali umodzi uku, wina uku. Ndiye kuti thupi lonse la munthu, kuphatikizapo ndowa ya matope ili paphewa, zatsamira pa misomali iwiri. Bulugamu wamuwisi akamauma amang'aluka, ndipo mng'alu umayambira pa msomali pomwepo. Semani kaye kamphako m'mitengo iwiriyo kuti kathabwa kakhale m'kati, msomali ungogwirizira. Mipata ya popondapo ifanane, masentimita 25 mpaka 30, chifukwa potsika phazi limayenda mwa chizolowezi, maso saona pansi. Musawapake penti, imabisa ming'alu ndi mmene mwalowa chiswe. Akagona pamvula amalemera, amaterera, ndiponso mtengo wonyowa umadutsa magetsi.

A aluminiyamu ndi opepuka, mnyamata mmodzi amawanyamula, chiswe sichiwadziwa, dzimbiri ayi. Popaka penti, pokhoma siling'i kapena poika magatala, ndi amene ndingasankhe. Pogula yang'anani chizindikiro cha EN 131, muyezo wa makwerero wa ku Ulaya; otere anayesedwa kuti anyamule makilogalamu 150, munthu ndi katundu wake pamodzi. Koma kupepuka komweko kumachititsa kuti azisereseka pa simenti yosalala, makamaka timphira ta kumiyendo tikatha. Mwendo ukapindika, musawongole ndi hamala, mphamvu yake sibwereranso. Choopsa zedi ndi magetsi. M'makwalala athu mawaya a ESCOM amadutsa pafupi ndi madenga, ndipo amene akuimika makwerero maso amakhala ali pakhoma. Kungokhudza waya basi, wagwira pansiyo ndiye amalandira moto wonse. Posuntha, agonekeni kaye.

A fibreglass, opangidwa ndi pulasitiki yolimbitsidwa ndi timaulusi ta galasi, ndiye a anthu a zamagetsi ndi oika masola, poti akakhala ouma ndi opanda litsiro sadutsa magetsi. Ndi odula, olemerako, ndipo dzuwa limawafwifwitsa mpaka timaulusi tiyambe kutuluka ndi kubaya m'manja. Kwa womanga khoma sindikuona chifukwa chotayirapo ndalama.

Kaimikidwe ndi kamodzi pa onse atatu. Pa mamita 4 alionse okwera, miyendo italikire khoma ndi mita imodzi. Ngati mukukwerera padenga, nsonga ipitirire m'mphepete ndi mita imodzi kuti mupeze pogwira, ndipo muimange ndi chingwe. Pansi pakhale polimba ndi posalaza. Zoikira njerwa kapena diramu kunsi kuti afikire, zimenezo zalemaza anthu. Manja awiri ndi phazi limodzi, kapena mapazi awiri ndi dzanja limodzi, zikhale zitagwira nthawi zonse. Zida zikwere ndi chingwe, ndipo patapata asiyidwe pansi.

Pali ntchito zina zimene palibe makwerero oyenera ngakhale amodzi. Kumanga gebulo, kupaka pulasitala, kuthira konkire ya bimu, zonsezi zimafuna manja awiri ndi maola ambiri. Ku Britain, bungwe la boma loona za chitetezo pantchito la HSE limalangiza kuti ntchito yopitirira mphindi 30 pamakwerero isakiridwe njira ina. Kwathu kuno njira imeneyo ndi nsanja ya matabwa ochindikala, yokhala ndi chotchingira m'mbali. Lamulo lathu la 1997 la chitetezo ndi umoyo pantchito limapereka udindo woteteza antchito kwa wolemba ntchito, choncho akapitawo ndi eni nyumba, mitengo ya nsanja muziyiwerengera pamodzi ndi simenti ndi malata.