Patatha miyezi 11 ndikuwerenga One Piece, Naruto, Bleach ndi zinzake, maganizo anga asintha

Pamene ndinalemba ndemanga yanga yoyamba yokhudza manga, zomwe ndi nthano zazithunzi za ku Japan, ndinali nditangowerenga mabuku pafupifupi khumi oyambirira a nthano iliyonse mwa zisanu izi: Dragon Ball, One Piece, Hunter x Hunter, Naruto ndi Bleach. Nthawi imeneyo ndinaika Bleach patsogolo chifukwa cha kukongola kwa zithunzi zake, Naruto inatsatira, ndipo One Piece ndinaikankhira kumapeto ponena kuti anthu ake anajambulidwa mwachibwana. Tsopano papita miyezi 11. Zitatu zimene zinatha ndaziwerenga mpaka tsamba lomaliza, ndipo ziwiri zimene zikupitirira ndafika nazo pamene alembi ake afika. Ndabweranso kudzakonza zimene ndinanena, chifukwa zina mwa izo ndinazinena mopupuluma. Amene sanawerenge nthanozi adziwiretu kuti ndiulula zina zochitika mkati mwake, pakuti palibe njira yoweruzira nthano yaitali popanda kukhudza kumene inakathera.

Zisanu zonsezi zinatulukira m'magazini imodzi, Weekly Shōnen Jump, ya kampani ya Shueisha, imene imasindikiza mutu umodzi wa nthano iliyonse sabata ndi sabata, masamba osakwana 20, kenako mituyo imasonkhanitsidwa kukhala mabuku. Magaziniyi imafunsa owerenga ake kuti asankhe nthano zimene zawasangalatsa, ndipo nthano imene ikutsalira m'mbuyo imadulidwa msanga. Ichi ndi chifukwa chake mutu uliwonse umatha mokusiya mtima uli m'mwamba, komanso ndi chifukwa chake nthano yokondedwa imavutika kutha. Ine ndinawerenga zomasuliridwa m'Chingerezi, zambiri m'mabuku amene ndinabwereka, ndipo mitu yatsopano ya One Piece ndimaitsata pafoni kudzera pa Manga Plus, imene Shueisha inatsegula mu 2019. Kuwerenga motsatizana chonchi, buku limodzi pa tsiku, kumaonetsa zinthu zimene wowerenga wa sabata ndi sabata sangazione msanga: pamene mlembi wabwereza zomwe anachita kale, pamene waiwala lonjezo lake, ndi pamene wakumbukira kanthu kakang'ono kamene anakasiya zaka zambiri m'mbuyo.

Ndiyambe ndi Bleach, popeza ndi imene yatsika kwambiri. Tite Kubo anailemba kuyambira 2001 mpaka 2016, mabuku 74, ndipo pa nkhani ya kujambula sindinasinthe maganizo ngakhale pang'ono. Palibe wina mwa alembi asanuwa amene amadziwa kuimika munthu pa tsamba loyera, lupanga lili m'manja, monga amachitira Kubo, ndipo kandakatulo kamene amaika kumayambiriro kwa buku lililonse kamapereka ulemu wina wake ku nthanoyo. Gawo limene mwini nthano, Ichigo Kurosaki, amalowa mu Soul Society, dziko la mizimu, kukapulumutsa mnzake Rukia, mpaka pamene chinyengo cha Aizen, mmodzi wa akuluakulu a asilikali a kumeneko, chimaululika, ndi limodzi mwa magawo abwino koposa amene ndawerenga chaka chino. Vuto linayamba pamene ndinazindikira kuti gawo lotsatira, lokapulumutsa Orihime ku Hueco Mundo, likuyenda m'mapazi omwewo: mtsikana watengedwa, anzake alowa m'dziko la adani, aliyense akumana ndi mdani wake. Nkhondo zambiri zimayenda mofanana, wina aulula mphamvu imene anabisa, mnzake nayenso aulula yake yoposa pamenepo, ndipo wopambana amakhala amene waulula pomaliza. Nkhondo yomaliza yolimbana ndi Yhwach inatha mothamanga, anthu ambiri amene tinawatsata kwa zaka anangosiyidwa m'malere. Masamba ake ndimawatsegulabe kuti ndione zithunzi, koma nditafunsidwa lero chifukwa chimene ena mwa anthuwo ankamenyanirana, ndingavutike kuyankha.

Naruto ndi nkhani ina, ndipo ndi imene yandivutitsa mtima kwambiri, chifukwa ndinaikonda ndipo ndimaikondabe. Masashi Kishimoto anaiyamba mu 1999 n'kuimaliza mu 2014 ndi mitu 700 m'mabuku 72. Mabuku 27 oyambirira ali ndi mtima umene nthano zina zinayi sizinaufike pa chiyambi chawo. Mwana wamasiye amene mudzi wonse ukumusala chifukwa cha nkhandwe ya michira isanu ndi inayi yotsekeredwa m'thupi mwake, ndi mphunzitsi Iruka amene makolo ake anaphedwa ndi nkhandwe yomweyo koma akusankha kutchinjiriza mwanayo ndi msana wake, zonsezi zili m'mutu woyamba weniweniwo. Nkhondo za nthawi imeneyo zinali za nzeru. Ndimakumbukira bwino mmene Shikamaru anakolera Temari ndi mthunzi wake podutsitsa mthunziwo m'dzenje limene linakumbidwa pa nkhondo ina ya m'mbuyo, kenako n'kuvomereza yekha kuti wagonja chifukwa mphamvu zamuthera, ndipo pa onse amene anachita nawo mayeso okwezera maninja, amene nkhondoyi inali mbali yake, iye yekha ndiye anakwezedwa. Ndimakumbukiranso Rock Lee, mnyamata wopanda mphatso iliyonse yamatsenga, akuvula zitsulo zolemera za m'miyendo mwake pamaso pa Gaara.

Chimene chinandipweteka n'chakuti nthanoyi inadzatembenukira mfundo yake yomwe. Naruto anagonjetsa Neji, mnyamata wobadwira m'fuko lamphamvu, pofuna kuonetsa kuti tsogolo la munthu silinalembedwe pa kubadwa, koma pambuyo pake tikuuzidwa kuti iye ndi mwana wa Hokage wachinayi, yemwe anali mtsogoleri wa mudzi wonse, kuti mayi ake anali a fuko lamphamvu la Uzumaki, ndiponso kuti iye ndi mnzake wopikisana naye, Sasuke, anyamula mizimu ya abale awiri akale amene mkangano wawo ndiwo gwero la zonse. Pamenepo khama la Rock Lee limakhala ngati linali la pambali chabe. Nkhondo yaikulu ya maninja imadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a nthano yonse, akufa ambiri amadzutsidwa kuti amenyenso, ndipo Kaguya, mdani womaliza, amatulukira kumapeto kwenikweni wowerenga asanakhale ndi chifukwa chomuopera kapena kumuda. Ngakhale zili choncho, imfa ya Jiraiya, mphunzitsi wa Naruto, ndi kukambirana kwa Naruto ndi Nagato, amene anapha Jiraiyayo, pa za kubwezera ndi mtendere zinandikhudza kuposa mmene ndinayembekezera, ndipo pa chifukwa chimenechi sindingailole kuti itsike kufika pamene pali Bleach.

Za Dragon Ball ndinena mwachidule, chifukwa maganizo anga sanasunthe kwenikweni. Akira Toriyama, amene anamwalira pa 1 Malichi 2024 ali ndi zaka 68, anailemba kuyambira 1984 mpaka 1995, mabuku 42, ndipo Oda, mlembi wa One Piece, ndi Kishimoto onse anavomereza poyera kuti anakulira pa ntchito yake. Chimene ndachiyamikira kwambiri nditawerenga zinazo ndi kuyera kwa masamba ake. Diso silisochera, umadziwa kumene chibakera chachokera ndi kumene chagwera, ndipo buku lonse limatha usanazindikire. Kufooka kwake n'kodziwika: mipira isanu ndi iwiri yamatsenga imene anthu a m'nthanomo amaisaka imabweza akufa, choncho imfa imachepa mphamvu, ndipo pambuyo pa mdani wotchedwa Frieza adani amangokulirakulira. Koma ndi nthano imene sinamizira kukhala chimene siili.

Tsopano ndifike pa One Piece, imene ndinailakwira. Eiichiro Oda anaiyamba mu Julaye 1997, buku la 100 linatuluka mu 2021, ndipo pofika 2022 makope ake anali atapitirira 500 miliyoni padziko lonse. Ziwerengero zimenezi ndinkazidziwa pamene ndinkalemba koyamba, ndipo sizinandikope. Chimene chinanditembenuza ndi nkhani ya Nami, mtsikana amene anakhala zaka zisanu ndi zitatu akujambulira mapu Arlong, yemwe anapha mayi amene anamulera, akusonkhanitsa ndalama zoti awombole mudzi wake, mpaka tsiku limene msilikali wachinyengo analanda zonse anasunga. Pamene iye, amene sanapemphepo thandizo kwa wina aliyense, akupempha Luffy, mwini nthanoyi, kuti amuthandize, ndipo Luffy akumuveka chipewa chake chaudzu chimene salola munthu kuchikhudza, ndinazindikira kuti zithunzi zimene ndinazitcha zachibwana zija ndi zomwezo zimene zimalola nkhope ya munthu kulira mopanda manyazi.

Koma chimene chaiika patsogolo pa zonse m'miyezi imeneyi ndi luso la mlembi wake lokumbukira zinthu. M'buku la 12, Luffy ndi anzake amakumana ndi namgumi wotchedwa Laboon, amene wakhala zaka 50 akumenyetsa mutu wake kuphiri podikira amalinyero amene anamulonjeza kuti adzabweranso. Nkhaniyo imaoneka ngati yatha pomwepo. M'buku la 46 mukutulukira Brook, mafupa okhaokha oyenda ndi kuimba, ndipo patsogolo pake tikumva kuti iye ndi yekhayo wotsala mwa amalinyero aja, ndipo lonjezo lija akulisungabe. Dzina la Jinbe limatchulidwa m'buku la 8, mwini wakeyo n'kudzaonekera m'buku la 54. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo nthano iyi imamulipiradi wodekha, chifukwa chimene chadzalidwa chimadzakololedwa ngakhale patapita zaka khumi. Apa m'pamene imasiyanirana ndi Naruto ndi Bleach, zimene zikafuna kukula zimabweretsa mdani watsopano wochokera kosadziwika, pamene One Piece ikafuna kukula imabwerera ku chinthu chimene unachiona kale n'kukuonetsa kuti sunachimvetse.

Ndinadabwanso kuona kulemera kwa nkhani zimene zabisala pansi pa nthabwala zake. Chilumba cha Ohara chinawonongedwa ndi boma la dziko lonse la m'nthanomo chifukwa akatswiri ake ankafufuza mbiri ya zaka 100 zimene bomalo linafafaniza, ndipo Robin, mwana wa zaka zisanu ndi zitatu, anapulumuka yekha n'kukula akusakidwa ngati chigawenga. Ku Sabaody kuli msika wogulitsa anthu, ndipo olemekezeka amene amagula akapolowo palibe lamulo lowakhudza. Nthano ya anyamata ikufunsa kuti mwini mbiri ndani ndiponso kuti chilungamo cha wolamula n'chilungamo chanji, ndipo ikufunsa popanda kuimitsa ulendo kuti ilalikire.

Sindikufuna kuti chikondi chatsopanochi chindiphimbe maso monga chinachitira cha Bleach poyamba. One Piece ili ndi zolakwa zimene zimakula pamene ikutalika. Gawo la Dressrosa lili ndi mitu yoposa 100, ndipo la Wano linayamba mu 2018 n'kutha mu 2022. M'magawo amenewa anthu amachuluka mpaka ena mwa anzake enieni a Luffy amasowa kwa mitu yambiri, ndipo masamba amadzaza ndi timabokosi tating'onoting'ono moti pafoni ndimayenera kukulitsa chithunzi kuti ndione amene akumenya mnzake. Oda amavutikanso kulola munthu kufa. Pell ananyamula bomba kupita nalo kumwamba kuti apulumutse mzinda wa ku Alabasta, nsembe imene inandigwira mtima, koma pambuyo pake anapezeka ali moyo, ndipo kuyambira pamenepo ndinayamba kukayikira imfa iliyonse mpaka ya Ace, mbale wake wa Luffy, ku Marineford inadzandikhulupiritsanso. Kajambulidwe ka akazi ambiri, makamaka m'mabuku a pambuyo, kamafanana mopitirira muyeso ndipo sikawapatsa ulemu umene nkhani zawo zimawapatsa.

Hunter x Hunter ya Yoshihiro Togashi, imene inayamba mu 1998, ndinaiika pakati poyamba, ndipo tsopano ili pachiwiri, pena ndimaganiza kuti mwina ikanakhala poyamba ikanakhala kuti imatuluka mokhazikika. Mphamvu ya m'nthanoyi, yotchedwa Nen, ili ndi malamulo, ndipo lalikulu mwa iwo ndi lakuti munthu amapeza mphamvu yochuluka akadziikira yekha malire okhwima. Kurapika analumbira kuti unyolo wake umodzi adzaugwiritsa ntchito pa gulu lokhalo limene linapha fuko lake, ndipo akaphwanya lumbirolo adzafa. Chifukwa cha ichi, kupambana kulikonse kuli ndi mtengo wake, ndipo wofooka angathe kugonjetsa wamphamvu ngati waganiza bwino. Gawo la nyerere zotchedwa Chimera ndi limene sindinaleke kuliganizira. Mfumu yawo, Meruem, yobadwira kudya ndi kulamulira anthu, imaphunzira umunthu posewera masewera a pathabwa otchedwa Gungi ndi mtsikana wosaona, Komugi, amene imalephera kumugonjetsa, pamene Gon, mwana wansangala amene tinayamba naye, akumira mu mkwiyo mpaka kutaya tsogolo lake lonse kuti abwezere. Palibe ina mwa zinayi zija imene inalimba mtima kuchitira mwini nthano wake zotere.

Chovuta chake n'chakuti Togashi wakhala akudwala msana kwa zaka zambiri, ndipo nthanoyi imaima kawirikawiri. Inaima kumapeto kwa 2018 n'kudzayambiranso mu 2022, ndipo pofika 2024 inali ndi mabuku 38 okha, ngakhale inayamba chaka chisanathe One Piece itayamba. Gawo limene ilimo tsopano, la ana 14 a mfumu ya Kakin amene akulimbirana ufumu m'chombo chachikulu, lili ndi mawu ochuluka pa tsamba moti pena limawerengeka ngati buku wamba, ndipo ndinafunika kulemba maina papepala kuti ndisasokoneze alonda a mwana uyu ndi a uyo. Amene akuopa kudikira angathe kuima pa buku la 32, pamene Gon amakumana ndi bambo ake, Ging, chifukwa pamenepo ulendo umene unayambika m'buku loyamba umafika pamathero ake.

Mnzanga amene anandibwereka mabuku ambiri mwa amenewa anandifunsa kuti ndi ati amene ndikufuna kugula kuti akhale angaanga, popeza ake ndiyenera kubweza. Ndinamuyankha kuti ndiyamba ndi mabuku a One Piece a ku Water 7 ndi Enies Lobby, kumene Robin amavomereza kuti akufuna kukhala ndi moyo ndiponso kumene chombo chawo choyamba, Going Merry, chimatenthedwa panyanja, kenako mabuku a nyerere a Hunter x Hunter, ndi mabuku 27 oyambirira a Naruto. A Bleach ndidzagula a gawo la Soul Society okha.