Samyang 14mm f/2.8: lenzi imene yandijambulira Mlalang'amba

Lenzi iyi ndakhala nayo nyengo ziwiri zachisanu, ndipo ntchito yake kwa ine ndi ya usiku basi. Poyamba ndinkajambula ndi lenzi ya 18-55mm yobwera ndi kamera. Masana inkagwira bwino, koma mumdima f/3.5 (nambala yosonyeza kukula kwa chibowo cholowera kuwala; nambala ikachepa chibowo chimakula) imalowetsa kuwala kochepa, ndipo ndikawonjezera masekondi oti kamera ilowetse kuwala, nyenyezi zinkakoka timizere chifukwa dziko limazungulira. Ndipamene ndinagula Samyang yopangidwa ku South Korea imeneyi, yomwe kwina amaigulitsa ndi dzina la Rokinon.

Chimene ndaikondera kwambiri ndi kutambalala kwake. Pa kamera ya full frame (ya sensa yaikulu) imatenga madigiri pafupifupi 115. Mwezi wa June ndinali ku Chelinda, pa Nyika, kunja kulibe mwezi. Cha pakati pa usiku, chigawo chowala kwambiri cha Mlalang'amba, chija cha pakati pa magulu a nyenyezi a Scorpius ndi Sagittarius, chinali chitakwera pafupifupi pamwamba pa mutu. Ndinaimika kamera chotalika mmwamba pa tripod, ndipo m'chithunzi chimodzi munalowa mitengo ya paini pansi ndi khamu lonse la nyenyezi kumwamba, mpaka timipata takuda tija ta fumbi. Nditachiona pa sikirini ndinangoti kakasi.

Kuti udziwe masekondi amene ungajambule nyenyezi zisanayambe kukoka timizere, ojambula amati ugawe 500 ndi mamilimita a lenzi, ndiye pa 14mm zimapereka masekondi 35. Ine ndimalekezera pa 20 kapena 25, ISO (mlingo wa mmene kamera imamvera kuwala) ili pa 3200, chifukwa ukachikuza chithunzi cha masekondi 35 nyenyezi zimaoneka kuti zayenda. Malenzi ambiri otambalala amasandutsa nyenyezi za m'makona kukhala ngati timbalame totambasula mapiko. Iyi imazisiya zili timadontho ngakhale pa f/2.8, ndipo pamenepa ndi pamene ndalama yanga inabwerera. M'makonamo mumada pang'ono, monga zimachitikira ndi malenzi otere, koma ukatsekako chibowo kufika pa f/4 kapena ukakonza pa kompyuta zimatheka.

Mudziwiretu kuti fokasi yake ndi ya pamanja. Kwa wojambula nyenyezi si vuto, popeza autofocus mumdima imangosakasaka. Ndimayatsa live view (kuona pa sikirini zimene lenzi ikuona), n'kuloza nyenyezi yowala ngati Alpha Centauri, n'kuikuza kakhumi, kenako ndimapotokola pang'onopang'ono mpaka itasanduka kadontho kakang'onong'ono. Ndikafika pamenepo ndimamata selotepi kuti isasunthe. Musadalire chizindikiro cha infinity (cha fokasi ya zinthu zakutali kwambiri) pa lenzi iliyonse, maso anu ndiwo aweruze.

Galasi lakutsogolo ndi lotundumuka, choncho fyuluta yopotokolera kutsogolo silowa. Komanso limayang'ana kumwamba usiku wonse, ndiye mame amaligwera msanga. Usiku woyamba pa Nyika, kumene kumazizira koopsa, ndinazindikira mochedwa kuti galasi lanyowa, ndipo zithunzi zonse za kumbandakucha zinatuluka ngati za m'chifunga. Zinandiwawa mumtima. Panopa ndimaikulunga kalamba kotenthetsa ka USB kolumikiza ku power bank, ndipo galasi limakhala louma mpaka kucha.

Amene muli ndi kamera ya APS-C (ya sensa yocheperapo kuposa full frame), 14mm idzakupatsani ngati 21mm kapena 22mm. Ndi yotambalalabe ndithu, ingochepetsani masekondi afike cha pa 15. Pogula, gulani pamodzi ndi kalamba kotenthetsako.