Magalasi a VR aja: maso anazolowera, mimba ikukanabe

Nditangolandira magalasi a VR (oonetsa kanema ngati uli mkati mwake) kuchokera kwa achimwene anga a ku Joni, ndinalemba kuti ndi kabokosi ka pulasitiki kopepuka, kolowetsamo foni n'kumanga kumutu ndi lamba, ndipo ndinati ndikufuna ndione ngati kangandichotse mantha a zokwera za m'mapaki. Nthawi imeneyo kunali chiperoni. Panopa chimanga chafika m'chiuno, ku Johannesburg tinapita n'kubwerako, choncho ndikhoza kunena zomwe ndaziona. Mantha a kutalika kabokosika kanawachepetsa ndithu. Mantha a kugwa sikanawakhudze n'komwe, ndipo sindikhulupirira kuti kangathe.

Kwa amene simundidziwa, ine ndi mayi uja amene anzake akamakwera zinthu amatsala pansi atagwira zikwama, majuzi ndi nsapato za ana a eni. Ndakhala choncho chibadwire. Katungwe wa kusukulu ndinkatsika asanafike pokoma. Ku Trade Fair ku Chichiri ndimapita chaka ndi chaka, koma zokwera za ana ndimaziyang'anira patali. Ngakhale mseu wotsikira ku Chikwawa, minibasi ikayamba kukhota m'mapiri muja, maso anga amakhala pa mapazi.

Tiyambe ndi kabokosi kenikeniko. Pulasitiki yake yapirira, sinasweke ngakhale ana aigwetsapo kangapo. Chomwe chinatha msanga ndi siponji ya kumaso. Mu Okutobala, ndi kutentha kwa Blantyre kuja, inkamwa thukuta mpaka inayamba kununkha ndi kumatuka m'mbali. Ndinaichotsa n'kusokerapo kansalu ka chitenje kopinda kanayi, kamene ndimachapa. Lamba anatamuka, telala wa pamsika anandisokera wina wa lasitiki. Malenzi m'nyengo yozizira amachita nthunzi ukangovala, ndipo akalowa fumbi osapukuta ndi malaya, amakalika. Foni nayo imatentha kwambiri mkatimo chifukwa mulibe mpweya, batire imatha ngati mchere m'madzi, ndiye tsiku lozima magetsi ndinkangosiya.

Koma nkhani yaikulu ndi foni. Kabokosika mulibe waya kapena batire, ndi malenzi awiri basi. Nzeru yake ndi yomwe ija Google inatulutsa mu 2014 ndi Cardboard, magalasi a katoni, amene inasiya kugulitsa mu 2021. Chithunzi chimagawika pawiri pa sikirini, diso lililonse kuona mbali yake, ndipo ukatembenuza mutu dziko la mkatimo limatembenuka nawe. Kuti zimenezi zitheke foni iyenera kukhala ndi kachipangizo kotchedwa gyroscope. Mafoni ambiri otsika mtengo alibe. Yanga inalibe, chithunzi chinkangoima ngati pa TV, mpaka abambo akunyumba anayamba kundibwereka yawo madzulo. Makanema a 360 (ooneka mbali zonse) a pa YouTube amadyanso bandulo moopsa, chifukwa ukatsitsa ubwino wa chithunzi kuti usunge data, zonse zimaoneka mbuu ndipo maso amawawa. Ine ndinkaonera kumene kuli wifi, kapena usiku ndi mabandulo otchipa aja.

Mmene ndinkachitira ndi mmene akatswiri a maganizo amalangizira pa mantha otere: kuyamba ndi chaching'ono, kukhala pomwepo mpaka mtima utakhazikika, osathawa mantha ali pachimake, kenako kukwera sitepe ina. Ndinayamba ndi kanema wa London Eye, chigudumu chokwera anthu cha ku London chotalika mamita 135 chimene chimazungulira pang'onopang'ono, pafupifupi theka la ola. Ndinkakhala pamkeka, msana kukhoma, dzanja limodzi litagwira mwendo wa tebulo. Ndikayang'ana pansi n'kuona mtsinje wa Thames, mabasi ali ngati tinyerere, zikhatho zinkanyowa ndipo miyendo inkalenguka, chonsecho ndili pa simenti ya m'nyumba mwanga ku Chilomoni. Mwana wanga wamkazi ankaseka mpaka kugubuduka. "Amayi, mukugwiriranji tebulo? Mugwera kuti?" Patapita masabata angapo ndinkaonera nditaimirira, ndikuwerenga milatho.

Zimenezi si zamatsenga. Ofufuza a ku Oxford mu 2018 anayesa anthu 100 oopa malo aatali, ena mwa iwo n'kuwapatsa chithandizo cha VR, ndipo mantha a omwe anachilandira anatsika kwambiri. Kungoti iwo anali ndi zida zodula, zoti munthu amayenda ndi kugwira zinthu mkatimo, komanso pulogalamu yokonzedwa ndi akatswiri. Kabokosi kangaka n'kutali ndi zimenezo, komabe ubongo ukaona phompho umakhulupirira pang'ono, ndipo pang'ono pomwepo ndi pokwanira kuti uphunzire.

Pa makanema a ma roller coaster, timasitima ta m'mapaki tokwera ndi kutsika mwaliwiro, ndi pamene zinasokonekera. Sindinkachita mantha kwenikweni, ndinkachita nseru. M'kati mwa khutu muli timachubu titatu tamadzi timene timauza ubongo kuti mutu ukutembenuka, ndi tizigawo tina tomva liwiro ndi kupendekeka. Ndiye maso akamanena kuti ukuthamanga mozondoka, khutu n'kumanena kuti wakhala phee pamkeka, ubongo umasokonezeka ndipo malipiro ake ndi chizungulire, malovu odzaza m'kamwa ndi mutu wopweteka mpaka pogona. Tsiku lina ndinaonera nditangodya nsima, zomwe zinachitika sindilemba. Chinandithandiza ndi kuonera kwa mphindi zochepa, mimba ili yopepuka, zenera lili lotsekula. Nseruyo inachepa, koma apa ndinkangophunzira kupirira magalasi, osati kupirira kugwa.

Mu Disembala tinakwera basi pa Wenela, kudzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge, ndipo achimwene anatitengera ku Gold Reef City, paki ya ku Johannesburg yomangidwa pa mgodi wakale wa golide. Chigudumu chachikulu cha kumeneko ndinakwera. Ndikubwereza, ine ndinakwera, zikwama anagwira alamu anga. Poyamba kunyamuka mtima unagunda, ndipo pamene chinaima tili pamwamba kuti ena akwere pansi, kachipinda komwe tinakhalamo kakugwedezeka ndi mphepo, ndinafinya chitsulo mpaka zala kuyera. Koma maso sindinatseke. Ndinaona nyumba zazitali za m'tauni ndi milu yachikasu ya dothi la m'migodi, ndipo thupi linachita ngati likudziwa kale zoti kutalika kumeneku kumatha. Apa ndiye ndimayamika magalasi aja popanda kukayika.

Kenako, chifukwa cha matama, ndinalola kukwera kasitima kena kocheperako kamene ngakhale ana a pulayimale ankakwera akuseka. Pokwera chitunda, unyolo ukulira kete kete kete, zonse ndinkazidziwa, ndinali nditaziona kambirimbiri. Potsika ndi pamene kunabwera chinthu chimene kanema sangakupatse: mpando umakuthawa, thupi limapepuka, m'mimba mumazizira ngati matumbo atsalira m'mwamba. Ndinakuwa dzina la amayi anga amene ali ku Thyolo. Nditatsika miyendo inkanjenjemera moti ndinakhala pansi penipeni. Achimwene anandilozera Anaconda, imene anthu amakhala miyendo ili lendelende n'kumazondotsedwa, ndi Tower of Terror, imene imakugwetsa chindunji pafupifupi mamita 50 kulowa m'dzenje la mgodi. "Chemwali, mwayamba kale, malizitsani." Ndinawauza kuti andibwezere zikwama zanga.

Ndiye ndazindikira kuti mantha anga anali awiri ophatikizana. Ena anali a m'maso, oopa kuona pansi pali patali. Ena ndi a m'thupi, oopa kupepuka kuja ndi kudziwa kuti ukamangidwa lamba sungatsike mpaka mwini makina atafuna. Magalasi amagwira oyambawo okha, komanso uli nawo umadziwa kuti ukhoza kuwavula nthawi iliyonse. Achiwiriwo ndayamba kuwanyengerera mwa njira ina, yosalira bandulo: katungwe wa ana pabwalo la tchalitchi chathu, madzulo anthu atachepa, kukankha mwamphamvu pang'ono sabata iliyonse. Pamenepo mimba imamvako kugwa kwenikweni, ngakhale kwa mita imodzi.

Kabokosiko masiku ano ndimakagwira mwa apo ndi apo. Ntchito yake kwa ine inatha m'miyezi itatu yoyambirira, pano ana ndi amene amaonerapo nsomba za pansi pa nyanja, ndipo ndimawaletsa kukhalitsa. Ngati vuto lanu ndi kuyang'ana pansi muli pakhonde la nyumba yosanja kapena pamwamba pa Soche, kaguleni, mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi zomwe kamachita. Ngati mantha anu amafika pobanika kapena kukomoka, kaonaneni ndi achipatala kaye, musadziyese nokha. Ndipo musanapereke ndalama, tsekulani kanema wa 360 pa foni yanu n'kuizunguza m'manja. Chithunzi chikapanda kusuntha, foniyo ilibe gyroscope, ndipo magalasiwo sakakuthandizani kanthu.