Amazon Prime patatha chaka ndi miyezi ingapo: chandigwira si mafilimu

Achemwali ena amene angofika kumene kuno ku Leeds, ku Britain, kudzagwira ntchito yosamalira okalamba andifunsa ngati n'koyenera kulowa Amazon Prime, umembala wolipira wa kampani yogulitsa katundu pa intaneti ya Amazon, poti anamva kuti ndinkaichemerera nditangoyamba kulipira. Ndati ndiwayankhe polemba, chifukwa zimene zinandikopa poyamba si zimene zikundilipiritsa lero.

Zoyenda bwino ndingozitchula. Katundu wambiri amafika pakhomo mawa lake, ndipo kwa ife a mashifiti a usiku amene masana timakhala tili m'tulo, zimenezi n'zothandiza. Prime Video, gawo lake loonerapo mafilimu, imatsegula bwinobwino pa TV ndi pa foni. Lachiwiri, sabata imene kuli Champions League, amaonetsa masewero amodzi. Kuyambira February 2024 mafilimu amakhala ndi zotsatsa malonda, ndipo wofuna kuzichotsa amawonjezera £2.99 pa mwezi. Ine sindinawonjezere, poti mafilimuwo ndimaonera mwa apo ndi apo.

Nkhani yeniyeni ndi ya foni. Ndinagula foni yogwiritsidwapo kale ntchito pa kashopu kena m'tauni muno, ndipo anandipatsa waranti ya chaka yolembedwa pa lisiti. Tsiku lina m'mawa ndikuweruka, foniyo inangoti zii. Kuitchaja, ayi. Kudina mabatani onse, ayi. Mtima unandiwawa osati chifukwa cha foniyo, koma zimene zinali m'katimo. Ndikumanga nyumba kumudzi, ndipo mmisiri amanditumizira pa WhatsApp chithunzi cha lisiti iliyonse ya simenti, malata ndi mitengo ya denga. Umboni wonse wa kumene ndalama zanga zapita unali mmenemo. Munalinso zithunzi za malemu mayi anga, makamaka chimodzi chimene ndinawajambula atakhala pakhonde, atavala yunifolomu yawo ya Mvano, duku loyera litapendekeka pang'ono chifukwa ankaseka.

Kwa Google sindinayembekezeko kanthu. Iwo amapereka 15GB yaulere, koma imeneyo ndi ya zonse pamodzi, Gmail, Drive ndi zithunzi, ndipo kuyambira 2024 zosunga za WhatsApp pa mafoni a Android zimalowanso momwemo. Amene muli pa magulu a banja, a mpingo ndi a kumudzi mukudziwa mmene malo amathera. Anga anali atadzaza kalekale.

Madzulo ake ndinatsegula Amazon Photos pa laputopu, apu yosunga zithunzi pa intaneti imene ndinaiika m'foni chifukwa choti inali m'gulu la zinthu za Prime. Zithunzi zinayamba kutuluka mwezi ndi mwezi, kubwerera m'mbuyo. Malisiti onse analipo, owerengeka bwino mpaka siginecha ya wogulitsa simenti, chifukwa a Amazon sachepetsa chithunzi posunga. Cha mayi chinaliponso. Ndinakhala pansi n'kuimbira mlongo wanga ku Zomba usiku womwewo, ngakhale kuti kumeneko anali atagona. Wolipira Prime amasunga zithunzi zochuluka mmene angafunire, koma dziwani kuti mavidiyo amangopatsidwa 5GB, ndiye a ukwati ndi a chinkhoswe muziwasunga kwina.

Kwa a pashopu aja nkhani inavuta. Mnyamata wa pakauntala anaitembenuza foniyo, n'kunena kuti inalowa madzi ndipo waranti sikhudza zimenezo. Foni imene sinagwepo ngakhale m'sinki! Anati angaikonze ndikalipira ndalama yoposa theka la mtengo wake, komanso afufuta zonse za m'kati. Akanandiuza zimenezo zithunzi ndisanazipeze, ndikanawagwadira. Koma ndinali nditazipeza, ndiye ndinaima nji ndi lisiti yanga m'manja mpaka anaitana bwana wake. Pamapeto pake anandibwezera gawo la ndalama, osati yonse, ndipo pashopu imeneyo sindidzapondanso.

Kuchokera pamenepo ndakhala ndikudzifunsa chifukwa chake kampani yogulitsa katundu imandisungira zithunzi popanda malipiro apadera. Yankho lili pa makompyuta awo. Amazon inayambitsa AWS mu 2006, yobwereketsa makampani ena malo osungira zinthu pa intaneti, ndipo mu 2024 gawo limeneli ndi limene linabweretsa phindu loposa theka la phindu lonse la kampaniyo. Ngakhale Netflix, imene ikulimbana ndi Prime Video, imayendera pa makompyuta a AWS. Ndiye zithunzi zanga kwa iwo ndi kanthu kochepa kwambiri. Zili ngati wa golosale amene waika TV pakhonde kuti anthu azionera mpira ulere, akudziwa kuti sopo ndi shuga agula pompo.

Makampani opikisana ndi Amazon akuthamangira komweko. Ku America, Walmart, kampani ya masitolo akuluakulu, inayambitsa umembala wake wa Walmart+ mu 2020, n'kuphatikizamo Paramount+ yoonerapo mafilimu mu 2022, kenako mu 2024 inagula Vizio, kampani yopanga ma TV, pa madola 2.3 biliyoni. Pa zosunga zinthu pa intaneti, Walmart inagwirizana ndi Microsoft mu 2018, ndipo m'pomveka kuti sangakonde kusungitsa zinthu zawo kwa mnzawo wolimbana naye pa msika. Kuno ku Britain, kampani ya masitolo ya Tesco inayesapo ndi Blinkbox yoonerapo mafilimu koma inaigulitsa mu 2015. Izi zimandionetsa kuti mafilimu okha sasunga kasitomala, pamafunika china chimene munthu angaope kuchitaya. Apple ndi Google nawo akudziwa zimenezi, n'chifukwa chake malo aulere amapereka ochepa, Apple 5GB yokha, kenako uzilipira mwezi ndi mwezi.

Maganizo anga amasinthasintha, ndisaname. Mwezi umene sindinaitanitse katundu kapena kuonera kanthu, ndimawerengera kuti £95 imene ndimalipira pa chaka ikanagula matumba angapo a simenti, ndipo ndimafuna kusiya. Ndikakumbukira usiku wa laputopu uja, ndimaona kuti ndalamayo inabwerera. Palinso china chondimanga: ukasiya Prime, malo ako amatsika kufika pa 5GB, ndiye uyenera kuyamba wakopera zithunzi zonse kwina. Ine ndagula kale hard drive, kachipangizo kosungiramo zinthu za pa kompyuta, ndipo ndayamba kukopera, kuti tsiku lofuna kuchoka ndidzachoke momasuka.

Achemwali, ngati mukufuna mafilimu okha, musafulumire. Ngati mumaitanitsa katundu kawirikawiri ndipo foni yanu yadzaza ndi zithunzi za kumudzi, yambani ndi ya pamwezi ya £8.99 muone ngati ikukuyanjani. Mukakhutira, pitani pa ya chaka, chifukwa kulipira mwezi ndi mwezi kumakwana £107.88, kusiyana kwa £12.88. Ine ndalipiranso ya chaka chino, ndipo gawo lina la ndalamayo ndi lija anandibwezera a pashopu ya mafoni.