Kawailesi ka Baibulo lomvetsera komwe ndinagulira amayi

Bambo atamwalira, amayi anasiya kuwerenga Buku Lopatulika chifukwa matenda a shuga anawononga maso awo, ndipo miyendo imawapweteka usiku wonse. Ndinawagulira kawailesi koyendera mphamvu ya dzuwa pasitolo ina ku Limbe, komwe kali ndi Baibulo lonse lojambulidwa m'Chichewa.

Mawu a wowerenga ndi omveka bwino ndiponso osathamanga, zomwe n'zofunika kwa mayi wamasiye amene akusowa tulo. Amayi amakonda kubwereza Salimo 88, lomwe limatha wolembayo akadali mumdima popanda yankho, ndipo amati limawalola kudandaula pamaso pa Mulungu mopanda manyazi. Tsiku lina m'bandakucha ndinawapeza ataika kawailesiko pamtsamiro, akumvetsera Yohane 11, pamene Yesu analira atafika kumaliro a Lazaro.

Chondidandaulitsa ndi mabatani, chifukwa ndi aang'ono kwambiri ndipo onse ndi ofanana, moti munthu wosaona bwino sangapeze buku la Yobu popanda mdzukulu womuthandiza. Nyengo ya mvula batire silichedwa kutha. Ndinachita kumata kachidutswa ka nsalu pabatani loyatsira kuti azilizindikira ndi chala.