Nsalu ya timabokosi patatha miyezi 15: yomwe yapirira ndi yomwe yandichititsa manyazi

Mu Epulo chaka chatha ndinalandira chipereganyu, ndipo ndalamayo sinagone m'nyumba. M'mawa mwake ndinakwera minibasi wa ku Limbe, n'kubwerera kuno ku Chilomoni nditasenza mamita 13 a nsalu ya timabokosi, ija ena amati ya cheke, pomwe eni sitolo amaitchula kuti gingham. Inali ya mitundu itatu: mamita 6 a buluu ya thonje lokhalokha, mamita 4 a yofiira ya polycotton (yosakaniza thonje ndi poliyesita), ndi mamita 3 a yobiriwira yomwe ndinaipeza pa benchi ina kunja kwa msika. Nsalu zochokera kunja zinali zitakwera mtengo kwambiri kuyambira pomwe kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, choncho nditamva mtengo wa yobiriwirayo sindinafunsenso kawiri.

Masiku amenewo aliyense wobwera kwathu ndinkamuuza kuti nsalu ndi ya thonjeyo, zinazo ndangodzazira jumbo. Lero Julayi akupita kumapeto. Zovala zaona dzuwa la Okutobala ndi matope a Januwale, chofunda chagonedwa nyengo ziwiri za chiperoni. Mawu anga aja ndibwezeko theka.

Pa makina a Butterfly opalasa ndi mapazi omwe apongozi anandipatsa ndinasoka madiresi awiri a mwana wanga wamkazi, wa zaka 7 panthawiyo, ina ya buluu ina yofiira. Ndinasokanso shati ya bambo akunyumba, katani ya pa windo la kukhitchini, epuloni, kenako zotsala zonse ndinazilumikiza kukhala chofunda cha zigamba.

Ndiyambe ndi yobiriwira, poti nkhani yake ndi yaifupi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nditayamba kudula katani ndinaona kuti ndikatsata mzere wa timabokosi nsalu ikulendewera mopendama, ndikang'amba motsata ulusi timabokosi tikukwera phiri. Ndinaitengera kwa telala wina wachikulire amene amasokera pakhonde la sitolo kufupi ndi siteji. Sanaiyeze n'komwe. Anangoitembenuza nati, "Mayi, nsalu iyi musanapereke ndalama muziyamba mwaiona kumbuyo." Kumbuyoko kunali kotuwa. Gingham yeniyeni ulusi wake umanyikidwa mu utoto usanawombedwe, ndipo ulusi woyera ndi wa mtundu umasinthana m'litali ndi m'lifupi momwe. N'chifukwa chake mumaona maonekedwe atatu: poyera, pakuda bii pomwe ulusi wa mtundu wakumana wokhawokha, ndi pakatikati pomwe wa mtundu wadutsana ndi woyera. Mbali zonse ziwiri zimafanana. Yanga yobiriwirayo inali nsalu yoyera wamba yodindidwa timabokosi pamwamba, ndiponso yodindidwa mokhota. Pofika Ogasiti katani inali itasuluka mbali yoyang'ana kudzuwa. Epuloni ilipo, koma ndimavala pokazinga mandasi basi.

Madiresi awiri aja ndiwo andiphunzitsa zambiri, chifukwa ndinawadula pa pepala limodzi, ndinawasoka sabata imodzi, ndipo amavala ndi mwana mmodzi amene saopa kukwera mtengo wa magwafa. Iliyonse yachapidwa kopitirira ka 50, pamanja, ndi sopo wamtanda.

Ya buluu ya thonje yafewa mokoma, ukaigwira umangofuna kuipaka kutsaya. Nthawi yotentha mwana amasankha imeneyi, akuti inayo imamuwotcha kumsana. Koma ili ndi zovuta zake. Ngakhale ndinaichapa kamodzi ndisanadule, inabwererabe pang'ono pa kuchapa kwachiwiri ndi kwachitatu, moti m'khwapa munayamba kuthina msanga kuposa mmene ndinkayembekezera. Ikachoka pachingwe imakhala itakhwinyata ngati yatafunidwa ndi mbuzi, ndiye popanda kusita siivalika. Pamakona a matumba yayamba kuthetheka, ndipo fumbi lofiira la kuno lalowerera m'timabokosi toyera ta kumbuyo komwe amakhalira pansi. Ndinayesa kunyika usiku wonse, likuchokako pang'ono chabe.

Yofiira ya polycotton, ija ndinkainyoza, ikuoneka pafupifupi ngati mmene inalili tsiku loyamba. Pa mpukutu wake panalembedwa kuti 65 peresenti ndi poliyesita, 35 ndi thonje. Siikhwinyata kwenikweni, mtundu sunasunthe, ndipo chomwe chandikopa kwambiri n'chakuti imauma ngakhale tsiku la chiperoni, pomwe phiri la Michiru silikuoneka ndi nkhungu ndipo zovala zina zimagona pachingwe masiku awiri zikununkha chinyontho. Zolakwa zake ndi ziwiri. M'khwapa ndi pomwe pamakhuza lamba wa chikwama patuluka timipira ta ulusi. Chachiwiri ndinachichita ndekha: tsiku lina la mu Febuluwale magetsi atazima ndinasita ndi simbi ya makala, poti nthawi ya mvula chovala choyanikidwa panja sindimveka mwana chosasita kuopa mphutsi. Kakhala kamoto kanathothokera pa siketi yake. Pa thonje pakanangodera, koma apa panasungunuka kabowo kolimba m'mphepete. Ndinasokapo kathumba kachitatu kuti kabisike.

Mwana wakula, ndipo madiresi onse ndinawasiyira mpendero wa masentimita 8 kuti ndidzatsitse. Nditatsitsa mu Meyi, iliyonse inaonetsa khalidwe lake. Pa ya buluu panatsala mzere wotuwa pomwe panali popinda, utoto utatha ndi kukhuzika. Pa yofiira mtundu uli bwinobwino, koma chipindo chakana kufafanizika ngakhale ndisite ndi nsalu yonyowa pamwamba. Zonse ziwiri ndinaziphimba ndi kansalu kodula mopingasa, kofiira pa ya buluu, ka buluu pa yofiira, ndipo anthu kutchalitchi amaganiza kuti ndi mmene ndinazikonzera poyamba.

Shati ya bambo inanditopetsa kuposa zonse. Nsalu iyi siibisa wosoka. Pa chitenje cha maluwa msoko ukakhota pang'ono palibe amadziwa, koma apa mzere ukaphonyana ndi unzake pa mabatani, munthu amaona ali kutsidya kwa msewu. Mbali yakumanzere ndinaidula kawiri. Cholakwa changa chinali kupinda nsalu pawiri n'kudulira pamodzi, osadziwa kuti yapansi yatsetsereka. Tsopano ndimadula chidutswa chimodzi pa nsalu yoyala kamodzi, n'kuchigoneka pamwamba pa inayo mpaka mizere itagwirizana, kenako n'kudula chinzake. Thumba ndi chidutswa cha pamapewa ndinazidula mopingasa kuti timabokosi tiime ngati dayamondi, potero panalibenso zofananitsa. Bambo atayesa koyamba anadziyang'ana pagalasi nati, "Amayi, mwandibweza ku sitandade 5." Sindinawatsutse, poti ana asukulu ambiri mu mzinda muno amavala yunifolomu ya nsalu yomweyi. Koma shatiyo amaivala Loweruka lililonse. Kolala yatuwa popindira, china chilichonse chili m'malo.

Kufanana ndi yunifolomu kumeneku kumachititsa ena kuiona ngati nsalu yotsika. Komatu yayenda maulendo. Dzina lake ambiri amati linachokera ku mawu a chi Malay akuti genggang, kutanthauza ya mizeremizere, ndipo m'zaka za m'ma 1700 mafakitale a ku Manchester ndiwo ankaiwomba yambiri. Mu 1959 Brigitte Bardot, wosewera m'mafilimu wa ku France, anakwatiwa atavala diresi ya gingham ya pinki. Chimene chimandiwawa ine n'chakuti thonje timalima ku Chikwawa ndi ku Balaka kuno, koma mipukutu yonse itatu ogulitsa anati ndi yobwera.

Tsopano chofunda, chomwe ndi chifukwa chenicheni chomwe ndinagulira nsalu yambiri chonchi. Ndi cha masentimita 150 m'lifupi ndi 200 m'litali. Zigamba zilipo 300, mizere 20 ya zigamba 15, chilichonse chodulidwa masentimita 12 mbali zonse kuti chikasokedwa chitsale 10. Pakati ndinaika bulangete lakale la pa kaunjika, kunsi zitenje ziwiri zolumikiza. Chinanditengera miyezi iwiri ya madzulo, ndipo makina a mapazi anandithandiza chifukwa kuzima kwa magetsi sikunandiimitse, ndinkangoyatsa tochi ya pa foni n'kuitsamiritsa pa kapu.

Poyamba ndinkaganiza kuti sindifunika tepi, ndingowerenga timabokosi n'kudula. Zigamba 40 zoyambirira zinatuluka zosafanana, chifukwa timabokosi ta nsalu yowomba nthawi zambiri sitikhala tofanana ndendende m'litali ndi m'lifupi, komanso ta buluu tinali tokulirapo kuposa tofiira. Ndinadula katoni ya muyezo umodzi n'kumalemberera ndi choko, vuto linathera pomwepo. Zigawo zitatu zija makina anga anakana kuziyendetsa pamodzi, yapamwamba inkathamanga kusiya yapansi, ndiye ndinamanga mfundo ndi ulusi wokhuthala pa kona iliyonse pomwe zigamba zinayi zakumana. M'mphepete mokha ndinasoka pa makina ndi singano ya nambala 16, pomwe zovala zonse ndinasokera nambala 14. Mfundo zimenezo palibe ndi imodzi yomwe yamasuka.

Cholakwa chachikulu, chomwe sichinaoneke mpaka nditachapa, chinali kusakaniza nsalu zitatuzo m'chofunda chimodzi. Chachapidwa kasanu. Zigamba za thonje zinabwerera, za polycotton zinakhala mmene zinalili, ndiye zofiira zonse zatukumuka pakati pa za buluu ngati zitumbuwa. Pogona sizivuta, koma ukachiyala pabedi sichigona fulati. Zobiriwira ndizo zinandiliza. Ulusi wake ndi wotayana, ndipo msoko wa sentimita imodzi sunakwane kuugwira. Pa kuchapa kwachitatu zinayamba kuyoyoka m'misoko, bulangete likusuzumira. Ndasintha kale zigamba 11, kusokerera za buluu pamwamba pake ndi manja, ndipo zina zisanu ndi chimodzi zikundiyang'ana.

Zigamba za buluu zokha m'chofundamo ndi zomwe zikukongola chikamakalamba. Zafewa, zasuluka mofanana, ndipo zikugwirizana ndi zitenje zakunsi zomwenso ndi za thonje. Apa ndiye mawu anga a chaka chatha aima. Ndikadzasokanso chofunda, ndi thonje lokhalokha, lochapidwa kawiri m'madzi ofunda lisanaone sizasi. Koma diresi ya mwana yosewerera, yochapidwa sabata iliyonse, ndidzagula polycotton osachita manyazi. Wosatsimikiza kuti wagulitsidwa iti atenge kachidutswa ayatse ndi machesi: thonje limanunkha ngati pepala n'kusiya phulusa lofewa, pomwe ya poliyesita imasungunuka n'kusiya kambulu kolimba.

Kuchapa chofundachi ndi ntchito ya anthu awiri. Chikanyowa chimalemera moti ndekha sindingachifinye, timachiponda ndi mapazi m'beseni lalikulu ine ndi mtsikana wa mchemwali wanga, n'kuchiyanika pa zingwe ziwiri, kunsi kwake kuyang'ana kudzuwa. Ulendo wina ndinachapa mu Juni, chinatha masiku atatu chisanaume. Tsopano ndimadikira Seputembala.

Za ndalama ndisanamize munthu: diresi ya mwana ya pa kaunjika ku Limbe kapena ku Ndirande ndi yotchipa kuposa kugula nsalu, ulusi, zipi ndi mabatani, osawerengera nthawi. Pa chofunda pokha ndi pomwe ndinapindula, chifukwa bulangete lomwe linali loti litayidwe lakhala chinthu chofunda kuposa lililonse m'nyumba muno. Bambo aja ankati ndikusoka chiguduli, koma usiku wa chiperoni amachikokera mbali yawo mpaka ine kutsala ndi kona.

Apongozi anabwera kuchokera ku Thyolo mwezi watha. Anachitembenuza, anakoka misoko, anapeza chigamba chobiriwira chong'ambika n'kulowetsamo chala osanena kanthu. Pochoka anati, "Mwananga, changa chikhale cha buluu chokhachokha." Diresi ya buluu ija ikadzam'thina mwana kumapeto kwa chaka, ndawerengera kuti siketi yake itulutsa zigamba 20. Zotsala 280 zikudikira chipereganyu cha mu Okutobala.