Sola ya 3.2kVA yomwe yadzaza mu Harare: imatha chiyani, ndipo ogula akupwetekera pati

M'mashopu a m'tauni ya Harare, ndiponso kwa anyamata oyika sola amene amatsatsa ntchito zawo pa WhatsApp, katundu amene akuyenda malonda kwambiri ndi uja amangoti "3.2kVA". M'menemo mumakhala inveta ya 24V (makina osintha magetsi a batire kukhala ogwiritsa ntchito m'nyumba), batire limodzi la lithium la 25.6V 100Ah, ndi mapanelo awiri mpaka anayi a 450W kapena 550W. Mabanja athu a ku Mbare, Mufakose, Mabvuku, Tafara ndi Epworth akumugula kwambiri, ena ndi ndalama za chipereganyu, ena ndi zomwe atumiza ana a ku Joni. Tinene poyambirira pomwe: katunduyu ndi wabwino, ndipo nyumba ya zipinda zinayi kapena zisanu amaikwanira. Koma ambiri akumugula wopereweza, n'kumuika mothamanga, ndipo zaka ziwiri zisanathe batire lakhala chinyalala kuseri kwa nyumba. Sola yotero siyateteza chilengedwe, yangowonjezera dzala.

Chomwe chikuthamangitsira anthu ku sola tonse tikuchidziwa. Magetsi a dziko lino la Zimbabwe amadalira kwambiri damu la Kariba ndi malasha a ku Hwange. Madzi atachepa ku Kariba mu 2019, magetsi ankathima mpaka maola 18 pa tsiku, ndipo chilala cha 2024 chinabweretsanso mavuto omwewo ngakhale kuti ku Hwange anali atawonjezera makina awiri opereka 600MW onse pamodzi mu 2023. Dzuwa ndiye sitisowa. Harare imalandira dzuwa lamphamvu lokwana pafupifupi maola asanu ndi theka pa tsiku mukawerengera chaka chonse.

Tiyambe ndi batire, chifukwa ndi pomwe pagona ndalama zambiri ndi mabodza ambiri. Batire la 25.6V 100Ah limasunga 2.56kWh, kapena kuti mayunitsi awiri ndi theka a pa mita ija ya ZESA, kampani ya boma ya magetsi. Simungawagwiritse ntchito onse. Mukasiya kagawo kakang'ono koteteza batire, n'kuchotsanso zomwe zimatayika mu inveta, mumatsala ndi mayunitsi awiri basi. Tsopano werengani usiku umodzi. Firiji yapakatikati idya theka la yuniti kapena kuposerapo pang'ono kuchokera madzulo mpaka m'mawa. TV ya 80W kwa maola anayi idya 0.3. Mababu asanu ndi limodzi a LED a 9W kwa maola asanu adya pafupifupi 0.3. Kabokosi ka intaneti ndi mafoni, 0.2. Ndiye pali wakudya mobisa amene ogulitsa samutchula: inveta yeniyeniyo. Ikangokhala yoyaka, ngakhale m'nyumba muli zii, imadya 25W mpaka 50W, ndipo pa maola 12 ndiye kuti yameza pakati pa 0.3 ndi 0.6. Mukaphatikiza zonse mwayandikira kale mayunitsi awiri. Batire limodzi limakwanira usiku, koma ndendende, popanda chotsala. Ngati pakhomo pali alendi awiri aliyense ndi firiji yake, inveta iyamba kulira cha m'ma 3 koloko m'bandakucha, ndipo vuto si lake ayi.

Pa mtundu wa batire, lithium ya LiFePO4 ndi yomwe tikuvomereza. Mabatire a gel awiri a 12V 200Ah amaoneka otchipa ndi aakulu, koma safuna kutsitsidwa kupyola theka, ndipo m'nyumba momwe magetsi amathima tsiku ndi tsiku amatsitsidwa ndithu. Akatero amafa msanga. La lithium labwino limapirira kudzazidwa ndi kutsitsidwa kambirimbiri, maulendo masauzande. Musanalipire, linyamuleni. La 100Ah lenileni limalemera makilogalamu opitirira 20, ndipo likapepuka ngati chikwama cha mwana wa sukulu, m'katimo mulibe zomwe zalembedwa kunja. Funsani ngati lili ndi waya wolankhulana ndi inveta, uja wa CAN kapena RS485. Ngati palibe, woyika ayenera kulowetsa yekha manambala a lithium mu inveta, podzaza pakhale cha m'ma 28.4V kapena monga wanenera wopanga batirelo. Inveta zambiri zimabwera zitatcheredwa manambala a mabatire a asidi, ndipo zikasiyidwa choncho batire limangodzidula lokha nthawi ndi nthawi, mwininyumba n'kumati lafa.

(N'zopweteka mtima kuti lithium yomweyi ikukumbidwa konkuno, ku Bikita ndi ku Arcadia kufupi ndi Goromonzi, koma mabatire tikuitanitsa kunja. Boma linaletsa kutumiza kunja miyala yosayenga ya lithium mu December 2022, komabe batire la pakhoma panu ladutsa panyanja.)

Mapanelo ndi pomwe ogulitsa amadulira mtengo kuti katundu aoneke wotchipa. Awiri a 450W amapereka pafupifupi mayunitsi atatu ndi theka tsiku lowala bwino. Batire lokha likufuna awiri ndi theka kuti lidzaze, firiji ikudya masana, ana akuonera TV. Mu January ndi February mitambo ikakuta masiku atatu otsatizana, batire silidzaza n'komwe. Anayi amapereka pafupifupi mayunitsi asanu ndi awiri, ndipo pamenepo mpamene sola imayamba kukoma: kusita, kuchapa ndi makina, kupopa madzi, zonse masana dzuwa lili pamutu. Ndalama zikavuta, gulani atatu koma njanji zake zikhale za anayi. Tengani tepi popita kogula. Panelo ya 550W imatalika pafupifupi mamita 2.3, m'lifupi 1.1, ndipo imalemera makilogalamu oposa 25. Ina yaing'ono kuposa apo koma yomatidwa pepala la 550W ndi yabodza, ngakhale wogulitsa alumbire.

Pali cholakwika china chomwe chimasokoneza ngakhale oyika ena. Panelo iliyonse yotere imatulutsa cha m'ma 50V ikakhala yosalumikiza. Inveta zina sizidzuka mpaka zitalandira 120V kuchokera padenga, choncho mapanelo awiri olumikizidwa motsatizana, omwe akupereka 100V, sakwanitsa kuidzutsa. Zina zakale sizilola kupyola 145V kapena kucheperapo, ndipo mukalumikiza atatu motsatizana mwaiwotcha, makamaka m'mawa wa June ndi July, pakuti panelo ikazizira mphamvu yake ya mavoti imakwera. Manambala awiriwa alembedwa pambali pa inveta. Woyika amene sanawawerenge asakwere padenga lanu.

Mapanelo ayang'ane kumpoto, opendekeka madigiri 15 mpaka 20, chifukwa Harare ili kummwera kwa equator pafupifupi madigiri 18. Mthunzi wa nthambi imodzi ya mpeyala kapena wa dishi ya TV ukagwa pa panelo imodzi umafooketsa mzere wonse. Koma musathamangire nkhwangwa. Kugwetsa mtengo wa zaka makumi atatu kuti muike sola n'kugula mbereko mwana mutamutaya. Sadzani nthambi zokha, kapena sunthani mapanelo. Ndipo za madenga a m'malokeshoni akale tinenepo mosabisa: nyumba zambiri za ku Mbare, Highfield ndi Mufakose n'zofoleredwa ndi asibesitosi. Akakalamba amathetheka munthu akaponda pakati, ndipo fumbi lake poboola ndi loopsa m'mapapo. Woyika ayende pa thabwa, anyowetse poboola, avale chotchinga pamphuno, ndipo mabawuti agwire mitanda ya denga, osati asibesitosi yekha. Denga likakhala lofooka kwambiri, bwino kumanga chimango chachitsulo pambali. Gwiritsani mabawuti ovuta kumasula, pakuti mapanelo akubedwa.

Tsopano zomwe sola iyi siitha. Ketulo ya 2000W imakoka pafupifupi 90A kuchokera ku batire la 24V, pomwe mabatire ambiri a 100Ah amadzidula akafika pa 100A. Firiji ikangodzuka ketulo ili pamoto, nyumba yonse mdima. Giza ya 3kW ndi chitofu cha mbale zinayi zisalumikizidwe n'komwe. Pampu ya chitsime ya 0.75kW imatheka masana, koma podzuka imakoka mphamvu kuwirikiza katatu kapena kuposa, choncho isadzuke pamodzi ndi simbi. Njira yabwino ndi kugawa mawaya pa bokosi la magetsi la m'nyumba: mababu, firiji ndi masoketi ochepa apite ku inveta, chitofu ndi giza zitsale ku ZESA. Pakhalenso switchi yoyenera yosinthira pakati pa magetsi a ZESA ndi a inveta. Kulowetsa magetsi a inveta m'nyumba kudzera pa soketi ndi waya wa mapulagi awiri kungathe kubweza magetsi ku mawaya a mumsewu n'kupha wantchito wa ZETDC, nthambi ya ZESA yogawa magetsi, amene akukonza pa pholo akuganiza kuti magetsi kulibe.

Apa mpamene nkhani ya chilengedwe imafunika kuinena moona. Sola ya 3.2kVA siphika nyemba pa chitofu. Banja lomwe lagula solayi koma magetsi akathima likuphikirabe nkhuni ndi makala, mitengo ya m'mapulazi ozungulira Harare ikuthabe ngati kale. Choncho pokonza bajeti, ikanimo silinda ya gasi, kapena mphika wamagetsi wophika ndi mpweya wotsekeredwa, uja wa 1000W. Umenewu umaphika nyemba zonyika kale ndi yuniti yosakwana imodzi, ndipo masana ndi mapanelo anayi umayenda bwinobwino osakhudza batire kwenikweni. Pomwe solayi imapambana mosakayikitsa ndi pochotsa jenereta. Lita iliyonse ya petulo ikapsa imatulutsa makilogalamu 2.3 a mpweya wa carbon dioxide, osawerengera phokoso ndi utsi womwe umapha anthu jenereta ikayatsidwa m'nyumba kapena pakhonde lotseka. Makandulo nawo, omwe awotcha nyumba zambiri, amatha ntchito.

Tizinthu ting'onoting'ono tomwe oyika otchipa amasiya ndi tomwe timawotcha nyumba. Waya wa pakati pa batire ndi inveta ukhale wa kopa weniweni, wa 25mm² kapena 35mm², waufupi, wokhala ndi fyuzi kapena breaker ya DC (magetsi a batire ndi mapanelo) ya cha m'ma 125A. Wochokera padenga ukhale wa sola weniweni wa 4mm² kapena 6mm², wodutsa m'paipi, osati waya wamba wa m'nyumba womwe dzuwa limaufufuta chaka chimodzi. Breaker ya AC (magetsi wamba a m'nyumba) siigwira ntchito ya DC: moto wa DC ukayamba kudumpha suzima wokha, umangosungunula pulasitiki. Pakhale zotchinjiriza mphenzi mbali zonse ziwiri, ya mapanelo ndi ya ZESA, ndi chitsulo chokhomera pansi cholumikizidwa ku njanji za mapanelo. Mvula ya kuno kuyambira November mpaka March imabwera ndi ziphaliwali zoopsa, ndiponso magetsi a ZESA akamabwerera nthawi zina amabwera ndi ukali. Inveta ikhale pakhoma la njerwa, pamalo opita mphepo, osati m'kabati, osati m'khitchini momwe muli nthunzi ndi mafuta. Ikatha sabata ikugwira ntchito, gwirani mawaya a batire madzulo. Akatentha, penapake sipanamangidwe bwino.

Kusamala kwake n'kochepa. Kuyambira August mpaka October fumbi limakuta mapanelo, ndiye atsukeni kamodzi pa masabata awiri kapena atatu, m'mamawa galasi lisanatenthe, ndi madzi ndi nsalu yofewa. Madzi ozizira pa galasi lotentha angathe kuliswa. Madzi a zitsime zina amasiya zoyera pagalasi, choncho pukutani.

Posankha woyika, pemphani kalata ya mtengo yolemba chinthu chilichonse payekha, dzina la wopanga ndi nambala ya batire, ndiponso chitsimikizo cholembedwa chonena amene adzakonze likafa. Bungwe la ZERA ndi lomwe limayang'anira za mphamvu m'dziko lino, ndipo malamulo ogulitsa magetsi otsala ku ZETDC alipo kuyambira 2018, koma inveta zambiri za 3.2kVA sizinapangidwire zimenezo, choncho wina asakulonjezeni kuti mita yanu izibwerera m'mbuyo.

Mabatire akale a asidi kapena a gel omwe mukuchotsa musawataye kudzala, musawapatse ana, ndipo musalole wina kuwaswa pabwalo kuti atenge mtovu. Asidi ndi mtovuwo zimalowa m'nthaka momwe mukulima masamba, mvula n'kuzikokolera mu Mukuvisi ndi Marimba mpaka ku Lake Chivero komwe mzinda umatunga madzi akumwa. Ogulitsa mabatire a galimoto ambiri amalandira akale n'kuwatumiza kokasungunula mtovu, ndipo ena amakupatsaniko kangachepe. Anyamuleni ali chilili, zotsekera zake zili zomanga, pa katoni kapena thabwa.